Waya wa Balansi ndi Mawu a Apongozi

Ndiyambe ndi kunena kuti ine sindinatukwane munthu. Amene akufalitsa zoti ndinanyoza apongozi anga pamaso pa kwaya yonse akuwonjezera, ndipo ena mwa iwo tsikulo kunalibe n'komwe. Ine ndinanong'ona. Zoti kunong'onako kunakamveka mpaka kwa anthu amene ankapuntha mpunga kuseri kwa nyumba, imeneyo ndi nkhani ina, ndipo ndi imene ndikufuna ndikufotokozereni mwadongosolo kuti mumveko mbali yanga.

Ine ndine mkamwini kuno ku Domasi. Kwathu ndi kutali, ndipo nyumba imene ndimagonamo ndinamanga ndekha koma pa dothi la apongozi. (Amene munakwatira chikamwini mukudziwa mmene zimakhalira: njerwa ndi zako, malata ndi ako, koma ukangokhosomola molakwika anthu amayamba kukumbukira kumene unachokera.) Ntchito yanga ndi yokonza mawailesi ndi mafoni, koma mtima wanga uli m'kachipinda ka kumapeto kwa nyumba, momwe ndinakhoma mathireyi a mazira khoma lonse n'kupachika mabulangete akale pazenera. Akazi anga amati ndi mosungira zinyalala. Ine ndimati situdiyo, ndipo makwaya ambiri, kuyambira cha ku Mishoni mpaka ku Naisi, ajambuliramo nyimbo zimene mumazimva m'mafoni a anthu m'minibasi za ku Liwonde.

Mavuto anabwera ndi Che Jafali, mnzanga wa ku Naisi amene amapita ku Joni kukatenga katundu. Ndinamutuma saundikadi yatsopano, ndipo anabwera nayo. Kwa amene simudziwa, saundikadi ndi kabokosi kamene kamalandira mawu kuchokera ku maiki n'kuwapititsa mu laputopu, kenako n'kuwabwezera m'makutu mwa wojambula kudzera m'mahedifoni. Yanga yakale inali ndi bowo limodzi la mahedifoni. Iyi inali ndi awiri: lina lawamba, lina lolembedwa kuti ndi la balansi, ndipo Che Jafali anabweretsanso waya wake wapadera woyenera mahedifoni anga.

"Achimwene, bowo ili si lamasewera," anatero akuloza ndi chala. "Wogulitsa uja anandiuza kuti limatulutsa mphamvu kuposa linalo. Muziyamba voliyumu ili pansi penipeni, kenako muzikweza pang'onopang'ono. Mukaona kuti munthu ali pambali panu akulankhula inu osamumva, ndiye kuti mwapyoza."

Ndinaseka. "Che Jafali, inu mumagulitsa nsapato ndi zikwama. Za mawu ndisiyireni ine."

"Ine ndangopereka uthenga," iwo anatero, n'kuyamba kufunsa za mtengo wa feteleza.

Tsono mundimvetse. Mawu akuti balansi aliyense amawadziwa. Sikelo ya kumsika ikakhala pa balansi palibe amene amaberedwa. Mwana akadziwa balansi pa njinga sagwanso. Ndiye ine ndinaganiza kuti bowo la balansi ndi bowo lofatsa, loyezera mawu bwinobwino, loti silingapweteke munthu ngakhale utakweza bwanji. Mpaka lero ndimanena kuti amene anasankha dzinali ali ndi mlandu. Akanajambulapo chigaza monga amachitira pa mankhwala ophera mbozi, ine ndikanasamala. Kabuku kofotokoza kagwiritsidwe ntchito kanalipo m'katoni, koma tebulo langa linkagwedera mwendo umodzi, ndipo kabukuko kanakwana bwino pansi pake.

Oyamba kujambula pa saundikadi yatsopanoyi anali amayi a kwaya ya kutchalitchi kwathu, amene ankafuna nyimbo yoti akapite nayo ku msonkhano wa amayi ku Zomba. Otsogolera kwayayo ndi apongozi anga. Anthu akuluakulu amanena kuti pa utsikana wawo mayiwa akayimba, anthu ankasiya makasu m'munda n'kumamvetsera. Sindikutsutsa. Koma mawu amakalamba monga mawondo, ndipo masiku ano apongozi akanyamuka kukwera m'mwamba amakatera pa nthambi ina, osati imene nyimbo ikufuna. Kwaya yonse imadziwa zimenezi. Palibe amene amanena.

Ine ndi apongozi timalemekezana monga mwambo umanenera. Tikakumana panjira ndimapatuka, timalonjerana ndili chonyonyomala, nkhope ndayang'ana kumbali. Nkhani zikuluzikulu zimadzera mwa akazi anga. Ndiye kutatsala tsiku limodzi kuti tijambule, uthenga unafika mwa njira yomweyo: "Amayi akuti muwapatse maiki yawoyawo, asasakanikirane ndi gulu." Ndinavomera. Saundikadi imalandira mamaiki awiri, choncho imodzi ndinaikira gulu, inayo apongozi.

Loweruka m'mawa amayi khumi ndi awiri anapanikizana m'kachipinda kanga, maseche ali m'manja, nsapato zonse zasiyidwa pakhomo. Akazi anga anaima chakukhomo. Che Jafali nawo anabwera pa njinga yawo yamoto kudzaona katundu wawo akugwira ntchito, ndipo ndinawapatsa kampando pambali panga.

Cholakwa choyamba, ngati tingachitche cholakwa, chinali cha chizolowezi. Pa saundikadi yakale kabatani kopotokola voliyumu ndinkakaloza pamene muvi wa wotchi umaloza ikakwana 3 koloko. Ndiye ndinalowetsa waya wa balansi m'bowo lake, n'kupotokola kabataniko mpaka pa 3 koloko pomwepo, n'kuvala mahedifoni. Ndinakweza dzanja, amayi n'kuyamba.

Abale, mawu analowa m'mutu mwanga ngati lole yamchenga ikukhuthula. Maso anatuluka misozi. Koma kukoma kwake! Ndinkamva mpweya wa mayi aliyense, ndinkamva zibangili zikugundana, ndinkamva tambala wa kwa aneba ngati ali paphewa langa. Ndinadziuza kuti, ehe, ndiye balansi imeneyi. Zaka zonsezi ndakhala ndikujambula ngati wogontha.

Patapita kanthawi makutu anazolowera, ndipo mawu anayamba kumveka ngati achepa. (Pano ndikudziwa kuti sanachepe. Makutu ndi amene ankatseka zitseko zawo, monga amachitira a magolosale kukayamba chipolowe.) Ndinakweza pang'ono. Akazi anga anasendera n'kundigwira paphewa, milomo yawo ikuyenda. Ndinagwedeza mutu n'kumwetulira, poganiza kuti akuyamikira. Ndinadzamva pambuyo pake kuti ankanena kuti, "Tsitsani, zikumveka mpaka kukhomo kuja." Che Jafali nawo anapanga chizindikiro ndi dzanja, akuloza pansi. Ndinayang'ana pansi, sindinaone kanthu, n'kukwezanso mpaka kabatani kanafika pomwe kamathera.

Ndime yoyamba inayenda bwino. Pa ndime yachiwiri pali malo amene wotsogolera amakwera yekha, gulu n'kudikira kaye kenako n'kuyankha. Chinachake chinandikanda m'khutu. Kuti nditsimikize, ndinatseka maiki ya gulu m'mahedifoni mwanga n'kusiya ya apongozi yokha, pa voliyumu yonse ija, pa waya wa balansi.

Sindingathe kukufotokozerani zimene ndinamva. Ndingoti munthu akamva zoterozo amafuna mboni. Ndinapendekera kwa Che Jafali, dzanja ndaphimba pakamwa monga amachitira munthu waulemu, n'kunong'ona kuti:

"Che Jafali, tamvani apongozi! Akukuwa ngati mbuzi yoti chingwe chaikola pakhosi! Nyimbo yonseyi akuipha ndi iwowa!"

Chimene palibe anandiuza, ndipo Che Jafali pa malangizo awo onse aja sanatchule, ndi chakuti munthu akavala mahedifoni okuwa sadzimva yekha. Ukamaganiza kuti ukunong'ona umakhala ukuitana munthu wa kutsidya la mtsinje. Komanso mawu angawo anagwera ndendende pamalo paja pamene gulu limadikira. M'chipinda munali zii. Ine maso ali pa laputopu, sindinadziwe kanthu, ndipo ndinawonjezera:

"Ndipo palibe angawauze! Onsewa akuwaopa!"

Ndinadabwa kuona mizere ya mawu pa laputopu yadumpha n'kufiira, chonsecho palibe amene akuyimba. Mamaiki onse awiri anali atandijambula bwinobwino, mwaukhondo, saundikadi yatsopano. Nditatembenuka ndinapeza Che Jafali avula kofia yawo akuiyang'ana mkati ngati mwalembedwa uthenga. Mayi wina anali ataluma nsonga ya chitenje, mapewa akugwedezeka. Akazi anga anali atagwira kumutu ndi manja onse awiri. Apongozi anatseka buku lawo la nyimbo mwakachetechete, n'kumanganso chitenje, n'kudutsa pakati pa anzawo kutuluka. Sanandiyang'ane. Sanavale n'komwe nsapato, anangozinyamula m'manja.

Ndinavula mahedifoni. M'makutu munali nyenje, osati imodzi koma mtengo wonse wa nyenje nthawi yotentha. Akazi anga ankalankhula, ndipo ndinkaona kuti ndi mawu amphamvu chifukwa mitsempha ya m'khosi inali itaima, koma kwa ine zinkamveka ngati munthu akulankhulira m'chidebe cha madzi. (Ichi chokha ndiye chabwino chimene ndinapeza tsiku limenelo.)

Mawa lake masana, titaweruka kutchalitchi kumene sindinamve ulaliki ngakhale liwu limodzi, ndinaitanidwa pakhonde pa amalume a akazi anga, amene ndi ankhoswe a banja lathu. Panali amalumewo, apongozi atakhala pamphasa chakumbali, akazi anga, ndi azakhali awiri amene palibe anawaitana. Makutu anali asanatseguke, koma sindinauze munthu. Ndikanayamba bwanji? Munthu amene ndinauza Che Jafali kuti za mawu andisiyire, ndikanene kuti ndadzigonthetsa ndekha ndi chala changa? Ndinakonza nzeru: ndikhala chonyonyomala, mutu pansi, ndipo chilichonse chimene amalume anene ndiziyankha kuti zoona. Munthu wodzichepetsa amatero.

Vuto ndi lakuti amalumewa amalankhula motsitsa, ngati akuwerengera mawu. Zimene anafunsa ndinadzauzidwa pambuyo pake, koma zinayenda motere.

"Akamwini, zimene munanena dzulozi, kodi ndi zoti munali nazo mumtima kuyambira kale?"

"Zoona, amalume."

"Moti mwakhala mukuwaseka achemwali angawa zaka zonsezi?"

"Zoona ndithu."

Azakhali aja anayang'anizana. Amalume anakweza mawu pang'ono, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinagwirako kanthu. Iwo anati, "Tisataye nthawi. Akamwini, bwezani mawu anu."

Ine ndinamva kuti, "Bwerezani mawu anu."

Ndinadabwa, koma ndinaganiza kuti mwina mwambo wa kuno umafuna kuti wolakwa anene yekha cholakwa chake pamaso pa ankhoswe. Ndinafunsa kuti nditsimikize, "Onse, amalume?" Iwo anagwedeza mutu. Ndiye ndinakonza kukhosi, n'kuwomba m'manja mwaulemu, n'kubwereza. Mbuzi, chingwe, pakhosi, kuipha nyimbo, zonse, osasiyako kanthu. Ndipo popeza ndinali wogontha, ndinabwereza pa voliyumu ya dzulo lija. Anthu amene ankadutsa pamsewu ndi njinga anatsika.

Apongozi anaimirira. Amalume anaimirira. Mmodzi wa azakhali anayamba kale kutchula dzina la mudzi wa kwathu ndi kufunsa kuti minibasi yopita kumeneko imanyamuka nthawi yanji. Ndinaona ndi maso anga banja la zaka zambiri likupakiridwa m'chikwama, ndipo sindinkadziwa kuti ndalakwanso chiyani, poti ndinangochita zimene ndinauzidwa.

Amene anandipulumutsa ndi akazi anga, ndipo sindikunena izi mokondwa chifukwa akhala akundikumbutsa tsiku lililonse. Anauza onse kuti adikire, n'kuzungulira kumbuyo kwanga, n'kunena ndi mawu wamba kuti, "Bambo a Chisomo, laputopu yanu yagwera mu ndowa." Ine phee, ndikungoyang'ana mapazi a amalume. Ananenanso, "Mbuzi zalowa mu situdiyo, zikudya mawaya." Ine phee.

"Mwaona?" anatero akazi anga. "Munthuyu akanamva zimenezo bwenzi pano ali kunyumba. Sakumva. Wadziphulitsa makutu ndi zinthu zakezo."

Amalume anakhala pansi, n'kuyamba kuseka mpaka kutsokomola. Apongozi sanaseke. Chigamulo chinaperekedwa mokuwa, pafupi ndi khutu langa lamanja: mawa kuchipatala, ndikachira ndikapepese ndi tambala, ndipo nyimbo ija ijambulidwenso.

Lolemba ndinakwera kabaza kupita kuchipatala. Ndinatenga kabuku kaja pansi pa tebulo kuti ndiziwerenga pamzere, makamaka pofuna kupeza umboni woti opanga saundikadi sanachenjeze. Anachenjeza. Tsamba loyamba penipeni, m'kabokosi, ndi zilembo zakuda. Balansi ija sikutanthauza kufatsa ayi. Ndi kalumikizidwe ka mawaya, khutu lililonse ndi njira yakeyake, ndipo bowolo limakankha mphamvu yochuluka kuposa lawamba, moti 3 koloko ya kuno si 3 koloko ya kwakale kuja. Analembanso kuti uziyamba voliyumu ili pansi. (Ndikuvomereza kuti analemba. Koma chinthu chofunika chotere amachilemba m'kabuku kokwana bwino pansi pa mwendo wa tebulo?)

Dokotala anali mayi wachitsikana wosakonda nthabwala. Anaunika m'makutu ndi katochi, n'kulemba funso papepala kuti asavutike kukuwa: "Munakweza kufika pati?"

"Pomwe pamathera," ndinayankha.

Analembanso: "Chifukwa?"

"Ndi ya balansi."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anasendera pafupi n'kundifotokozera kuti mkati mwa khutu muli timaubweya tating'onoting'ono tomwe timagwira mawu, ndipo phokoso lalikulu limatigonetsa monga mphepo imagonetsera mpunga m'dimba. Tina timadzuka, tina sitidzukanso. Anandiletsa mahedifoni masabata awiri, n'kunena kuti ndikabwereza zomwezo ndidzafika poti ana anga azidzandilembera makalata tili m'nyumba imodzi. Apa ndiye ndinachita mantha ndithu, chifukwa munthu wojambula nyimbo wopanda makutu ndi munthu wosunga mathireyi a mazira basi.

Khutu lamanja linatseguka patatha masiku anayi. Lamanzere linachedwa, ndipo nyenje imodzi inatsalamo mpaka lero. Kukakhala bata imayamba kulira.

Tambala ndinapereka. Ndinasankha wamkulu, wofiira, ndipo ndinanyonyomala pabwalo pa apongozi n'kunena kudzera mwa akazi anga kuti ndikupepesa chifukwa chokuwa pamaso pa anthu. Tamverani bwino mawu amenewo, chifukwa ndinawasankha mosamala ndisanapite kumeneko. Ndinapepesa kukuwa. Apongozi analandira tambalayo, n'kumuyeza kulemera m'manja, n'kunena kuti, "Auzeni Loweruka tibwera."

Akazi anga anatenga utoto wawo wopaka zikhadabo n'kudontheza kadontho kofiira pa saundikadi, pa 10 koloko. Akuti kabatani kakadzapyola pamenepo, waya wa balansi adzamangira nyemba kudimba. Ndinawauza kuti m'situdiyo mwanga salamula munthu wina. Kabataniko sikanapyolepo kadonthoko, koma chimenecho ndi chisankho changa, ndipo ndikufuna zidziwike choncho.

Loweruka amayi anabweranso. Ndinayamba voliyumu ili pansi, n'kukweza mpaka pamene ndinkamva nyimbo komanso kumva Che Jafali akutafuna mtedza pambali panga. Pakamwa ndinatseka. Ndime yachiwiri itafika, apongozi ananyamuka n'kukatera pa nthambi yawo yomwe ija. Ine maso pa laputopu, nkhope ngati ya munthu wa pa chiphaso.

Titamaliza, apongozi ananena kudzera mwa akazi anga kuti akufuna amve okha, ndi makutu awo, pa zinthu zomwezo zimene ndimamverapo ine. Ndinawapatsa mahedifoni. Anamvetsera maso atatseka. Pa ndime yachiwiri nkhope inakwinyika. Anavula mahedifoni n'kutembenukira kwa mwana wawo.

"Auzeni bambo a Chisomo kuti sananame. Muli munthu akuphonya umu, ndipo akuphonya moipa." Apongozi anayang'ana amayi aja mmodzimmodzi, maso n'kukaima pa mayi wina wofatsa wa kumzere wakumbuyo, amene tsiku lonse anangoyimba chapansipansi. "Ndi a Nasibeko. Ndakhala ndikuwamva kuyambira kale, koma ndimangowasungira ulemu. Awachotse."

A Nasibeko anatsegula pakamwa, mnzawo n'kuwaponda phazi.

"Ndamva, amayi," ndinatero. Ndinagwira laputopu, n'kutsitsa maiki yachiwiri ija, ya otsogolera, mpaka pansi penipeni. Pamalo pokwera paja panatsala mawu a mtsikana wina wa m'gulu amene ankawathandizira chapatali, oyera ngati madzi a m'phiri. Ndinawabwezera mahedifoni. Anamvetsera nyimbo yonse, mutu ukugwedezeka, ndipo pomaliza anamwetulira koyamba m'masabata atatu.

"Mwaona? Tsopano mawu anga akumveka bwino."

Nyimboyo inapita ku Zomba, ndipo apongozi amaiyika pa foni yawo kwa mlendo aliyense wofika pakhomo, n'kumuuza kuti amvetsere bwino pa ndime yachiwiri. A Nasibeko ndinawakonzera wailesi yawo mwaulere, ndipo tikakumana sitikambirana za nyimbo.

Za voliyumu ndaphunzira, sindikana, ndipo aliyense wobwera ndi mahedifoni kwa ine ndimamuuza kuti ayambire pansi, makamaka akaona bowo lolembedwa dzina lofatsa. Koma pa nkhani ya mawu aja musandiuze kuti ndinalakwa. Mlanduwo anaweruza ndi eni ake, atavala mahedifoni anga, pa 10 koloko, ndipo anagwirizana nane.